ZCTU poiyang'ana tili ku Chipata: kodi ndalama yodulidwa pa pesilipu imagula chiyani?

Pa pesilipu ya mphunzitsi wa ku Chadiza kapena namwino wa ku Lundazi, mbali ya ndalama zodulidwa ili ndi mizere yodziwika: msonkho wa PAYE, penshoni, inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA, ngongole ya kubanki ngati ilipo, ndipo chakumunsi kamzere ka yuniyoni. Ndalama ya kamzereka imapita ku yuniyoni ya munthuyo, yuniyoniyo n'kupatulapo gawo lopereka ku bungwe lalikulu limene inalowako. Kwa mayuniyoni ambiri m'Zambia muno, bungwe lalikululo ndi Zambia Congress of Trade Unions, ZCTU. Ndiye kuti wantchito amasonkhera ZCTU mwezi ndi mwezi ngakhale khomo la ofesi yake sanaliwonepo. Wosonkha ayenera kudziwa chimene akugula, ndipo ife tayesa ntchito ya bungweli ndi muyeso wa munthu wa kuno kum'mawa, makilomita oposa 500 kuchokera ku Lusaka.

Maganizo athu tinene pachiyambi pomwe. Pa nkhani ya malamulo a ntchito ndi malipiro ochepetsetsa, ZCTU imagwira ntchito imene yuniyoni imodzi payokha singaithe, ndipo ndalamayo siipita m'madzi. Koma pa nkhani yofika pamene wantchito wa kuno akulirira, dzanja lake n'lalifupi, ndipo amene alowa yuniyoni akuyembekezera kuti akulu a ku Lusaka adzabwera kudzamuyankhulira kwa bwana wake adzakhumudwa.

Anthu ambiri amasokonezeka poyambira penipeni. Munthu salowa ZCTU payekha. Mamembala ake ndi mayuniyoni: ZNUT ya aphunzitsi, CSAWUZ ya ogwira ntchito m'boma, ZULAWU ya m'makhonsolo, NUPAAW ya m'mafamu ndi zaulimi, NUCIW ya m'mashopu ndi m'mafakitale, MUZ ya kumigodi, ndi ena. Mlandu wanu wa kuntchito, kaya wochotsedwa, kaya wobedwa ovataimu, ndi wa yuniyoni yanu, kuyambira ku nthambi. ZCTU imakhala pamwamba kukambirana ndi boma ndi olemba ntchito pa zinthu zokhudza onse, kuphunzitsa atsogoleri a mayuniyoni, kuyanjanitsa mayuniyoni akakanganirana mamembala, ndi kutumiza nthumwi ku msonkhano wa ILO, bungwe la United Nations loona za ntchito, umene umachitika ku Geneva chaka ndi chaka. Ilinso membala wa ITUC, bungwe la antchito a dziko lonse lapansi, ndi SATUCC ya kuno kumwera kwa Africa.

Mbiri yake njotalika, koma chimene chikutikhudza n'chachifupi. Bungweli linakhazikitsidwa mu 1965, ndipo mizu yake ili ku Copperbelt, makamaka ku Kitwe. Lamulo la mu 1971 linaika yuniyoni imodzi pa mtundu umodzi wa ntchito, onse pansi pa ZCTU, ndipo mphamvu yake inachokera pamenepo. Frederick Chiluba anaitsogolera kuyambira 1974, anatsekeredwa pamodzi ndi atsogoleri anzake mu 1981, ndipo mu 1991 anachoka ku yuniyoni kupita ku State House pa tikiti ya MMD. Boma lomwelo la munthu wa yuniyoni ndi limene linagulitsa makampani a boma, antchito ambirimbiri n'kuchotsedwa, mamembala n'kuchepa. Mu 1996 Zambia inavomereza mapangano a ILO a nambala 87 ndi 98 okhudza ufulu wolowa m'mabungwe ndi wokambirana za malipiro, ndipo kusintha kwa lamulo mu 1997 kunatsegula chitseko choti mayuniyoni achuluke. M'zaka zomwezo munabadwa bungwe lina lalikulu lopikisana nalo, FFTUZ. ZCTU ya lero ndi ya pambuyo pa zonsezi: dzina lalikulu, mamembala ochepa kuposa kale, ambiri mwa iwo a m'boma.

Pamene timaipatsa ulemu ndi pa tebulo la atatu, Tripartite Consultative Labour Council, pamene pamakhala boma, olemba ntchito kudzera ku Zambia Federation of Employers, ndi mabungwe a antchito. Malamulo a ntchito ndi malipiro ochepetsetsa amakambidwa pamenepo nduna ya zantchito isanasaine. Zotsatira zake zimafika mpaka kwa munthu amene sanalowepo yuniyoni ayi. Kuyambira Januwale 2024, wantchito wamba wotsikitsitsa, monga wosesa kapena wonyamula katundu, sayenera kulandira ndalama yochepera K2,313.10 pamwezi. Mkati mwake muli malipiro enieni K1,487, ya nyumba K446.10, ya thiransipoti K200 ndi ya chakudya chamasana K180. Wantchito wa m'nyumba sayenera kutsika pa K1,300. Mu 2018 ziwerengerozi zinali K1,698.60 ndi K993.60. Kaya ndalamazi zikukwanira thumba la ufa, lendi ndi malasha mu Kapata kapena mu Mchini, aliyense wogula akudziwa kuti sizikwanira. Komabe popanda wina wokakamira pa tebulo lija, ngakhale mzere woti apa ndiye pothera sukanakhalapo.

Chimodzimodzi lamulo la Employment Code la mu 2019. Mabungwe a antchito analimenyera nkhondo, olemba ntchito analidandaula kuti likuwakwezera mtengo, ndipo linadutsa. Muli zinthu zimene wantchito aliyense wa ku Chipata ayenera kuzisunga pamtima. Maola a ntchito ndi 48 pamlungu, opyola pamenepo ndi ovataimu, yolipidwa kamodzi ndi theka, ndipo pa tsiku la tchuthi cha boma kapena tsiku lanu lopuma imalipidwa kawiri. Livi ndi masiku awiri pamwezi, 24 pachaka. Mayi woyembekezera amene wakwanitsa zaka ziwiri pantchito ali ndi milungu 14 ya malipiro onse, ndipo mkazi aliyense ali ndi tsiku limodzi pamwezi losafunika kalata ya dokotala, lija timalitcha Mother's Day. Wa kontirakiti yaitali, yopyola chaka, ikatha amalandira giratuwite yosachepera 25 peresenti ya malipiro enieni a nthawi yonseyo. Tiwerengere pamodzi: K1,487 kwa miyezi 24 ndi K35,688, ndipo gawo limodzi mwa magawo anayi ndi K8,922. Ambiri amasaina pepala loti alandira zonse atapatsidwa malipiro a mwezi womaliza basi, K8,922 n'kuisiya m'thumba mwa bwana. Wochotsedwa chifukwa ntchito yachepa ayenera kulandira malipiro a miyezi iwiri pa chaka chilichonse chimene wagwira. Ndiponso kulemba munthu ngati waganyu pa ntchito yokhazikika n'koletsedwa.

Apa ndiye pamene chinthu chabwino chimayamba kuwonongekera m'njira. Lamulo limalembedwa ku Lusaka m'Chingerezi, ndipo kuti lifike kwa mtsikana wogulitsa m'shopu ku Down Shops pafunika munthu woti amuuze m'chilankhulo chake. Imeneyi ndi ntchito ya maphunziro imene ZCTU ndi mayuniyoni ake ayenera kuigwira, ndipo m'maso mwathu siikwanira. Misonkhano ya maphunziro imagwa kwambiri pa atsogoleri okhaokha, m'maholo a m'tauni, pamene wailesi monga Breeze FM ndi Radio Maria zimamveka mpaka kumidzi ndipo pulogalamu ya Chinyanja ya mlungu ndi mlungu yofotokoza giratuwite ndi ovataimu ikanafika kwa anthu ochuluka kuposa misonkhano yonse pamodzi. Pa 1 Meyi antchito amaguba atavala mayunifomu atsopano, mphoto zimaperekedwa, zolankhula zimawerengedwa. Tsikulo n'labwino, koma amene akufunika kumva kwambiri amakhala ali pa kauntala, bwana sanawalole kupita.

Kwa ogwira ntchito m'boma, amene kuno ndiwo msana wa mayuniyoni, nkhani ya malipiro imakambidwa pakati pa boma ndi mayuniyoni awo, osati ZCTU mwachindunji. Alawansi ya nyumba, alawansi ya okhala kumidzi imene ili 20 peresenti ndi ya kumadera akutali kwambiri imene ili 25 peresenti, zonsezi zimatetezedwa pa zokambiranazo. Mphunzitsi wa ku Vubwi kapena kuchigwa cha Luangwa amadziwa kulemera kwa kusiyana kwa 20 ndi 25, ndipo sukulu ikaikidwa m'gulu lolakwika, yuniyoni ndiyo njira yodandaulira. Vuto ndi kugawikana. Aphunzitsi okha ali ndi ZNUT, BETUZ, SESTUZ, PROTUZ ndi ena. Aliyense ali ndi ofesi, galimoto ndi atsogoleri ofuna kulipidwa, ndipo pa tebulo la zokambirana boma limakumana ndi mawu ambiri m'malo mwa liwu limodzi. M'masukulu mpikisano umasanduka wa matisheti, zitenje ndi ngongole zofewa. Pamene boma linaimitsa kukweza malipiro mu 2014 ndi 2015, mabungwe analankhula mokweza koma chigamulocho chinagwirabe ntchito. ZCTU yakhala ikulalikira kuti mayuniyoni a ntchito imodzi aphatikizane, ndipo pamenepa tikugwirizana nayo kwathunthu, koma ilibe mphamvu ya lamulo yowakakamiza.

Kanthu kena ka pa pesilipu kamene kamavutitsa anthu osintha yuniyoni: kudulidwa kawiri. Lamulo limati bwana amadula ndalama ya yuniyoni pokhapokha mwavomera, ndipo mukafuna kusiya mumalemba kalata ku yuniyoniyo yopereka chidziwitso cha miyezi itatu. Ambiri amangodzaza fomu ya yuniyoni yatsopano osalemba kalata ku yakale, ndiye mizere iwiri imaoneka pa pesilipu. Lembani kalata, sungani kope lodindidwa tsiku limene yalandiridwa, ndipo perekani kope lina kwa okonza malipiro. Popanda kope lodindidwa, mudzayenda maulendo ambiri opanda phindu.

Tsopano za mlandu weniweni, pamene membala amaonera ngati ndalama yake inali yaphindu. Tinene kuti mwapatsidwa kalata yokuimbani mlandu kuntchito. Musayankhe pakamwa muli wokwiya, ndipo musasaine chilichonse chimene simunawerenge. Tengani kalatayo kwa woimira yuniyoni wa pamalo panu tsiku lomwelo, chifukwa masiku oyankhira amakhala ochepa ndipo amalembedwa m'malamulo a chilango a kampaniyo. Yankho likhale lolembedwa, lalifupi, lonena tsiku, nthawi ndi mboni. Pa tsiku lomva mlandu pitani ndi woimira yuniyoni, ndipo pemphani kope la zolembedwa za msonkhanowo. Lamulo limafuna kuti bwana apereke chifukwa chomveka chochotsera munthu, ndiponso kuti amumve kaye ngati nkhani ndi ya khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito. Mukachotsedwa, chitani apilo mkati mwa kampani monga malamulo ake anenera. Zikakanika, ofesi ya leba imaitana mbali zonse ziwiri kuti zigwirizane. Zikakanikanso, nkhani imapita ku khoti la zantchito, limene kuyambira kusintha kwa malamulo a dziko mu 2016 lili nthambi ya High Court. Pano pali msampha umene wagwetsa ambiri: dandaulo liyenera kufika kukhoti mkati mwa masiku 90 kuchokera pamene njira za mkati zathera. Munthu amadikira lonjezo la bwana loti bwerani mwezi wamawa, miyezi n'kudutsa, ndipo pamapeto pake ayenera kuyamba wapempha khoti kuti limulole kudandaula mochedwa.

M'njira yonseyi ZCTU simuiona, ndipo si cholakwa chake, pakuti si ntchito yake. Chimene timaiweruza nacho n'chakuti woimira yuniyoni wa pamalo panu anaphunzitsidwa kapena ayi. Nthambi imene mlembi wake amadziwa masiku 90 aja, amasunga mapangano a malipiro mufayilo ndipo saopa kulowa muofesi ya manijala, imapulumutsa ntchito za anthu. Nthambi imene atsogoleri ake anasankhidwa chifukwa chodziwa kuyankhula pamaliro, osaphunzitsidwa kanthu, imangoperekeza membala kukalandira kalata yomuchotsa. Kusiyana kwa nthambi ndi nthambi kuno n'kwakukulu kwambiri, ndipo kukuonetsa kuti maphunziro ochokera pamwamba safika mofanana.

Amene akufuna kubweretsa yuniyoni pamalo pamene palibe, monga pa loji ku Mfuwe, pa kampani ya alonda kapena pa fakitale yopuntha thonje, adziwe ndondomeko yake. Simuyenera kuyambitsa yuniyoni yatsopano, zimene zimafuna anthu osachepera 50 ndi kulembetsa kwa Komishinala wa zantchito. Chapafupi n'kupeza yuniyoni yolembetsedwa kale ya mtundu wa ntchito yanu n'kudzaza mafomu ake. Bwana amene ali ndi antchito 25 kapena kuposerapo oyenera kulowa yuniyoni amafunika ndi lamulo kuti alembetse kwa Komishinala ndi kuchita pangano lovomereza yuniyoniyo. Pangano limeneli ndiye khomo. Popanda ilo palibe kukambirana za malipiro. Likatheka, mbali ziwiri zimakambirana pangano la malipiro ndi zina, limene limapita kwa Komishinala ndipo limagwira ntchito nduna ikalivomereza. Zokambirana za pangano latsopano ziyenera kuyamba kutatsala miyezi itatu kuti lakale lithe. Mabwana a pamwamba salowa yuniyoni, ndipo asilikali, apolisi ndi a ndende lamuloli siliwakhudza. Chimene chimalakwika kawirikawiri n'chodziwika: mafomu akangoyamba kuyenda, oyambitsa amasamutsidwa kapena makontirakiti awo sawonjezedwa. Kuchotsa munthu chifukwa cha yuniyoni n'kuphwanya lamulo, koma umboni wake ngwovuta. N'chifukwa chake mafomu adzazidwe ambiri nthawi imodzi, afike ku yuniyoni bwana asanayambe kusankha woti amuchotse, ndipo kalata yopita kwa bwana ichokere ku ofesi ya yuniyoni, osati kwa wantchito mmodzi.

Sitiraka nayo ili ndi njira yake, ndipo ambiri amapsa nayo. Kunyanyala ntchito kovomerezeka kumabwera mkangano utalengezedwa, oyanjanitsa atalephera, mamembala atavota, ndiponso patadutsa masiku 10 chigamulo chitapangidwa. Ngakhale pamenepo lamulo limaika malire a masiku 14, kenako nkhani ipite kukhoti. Ogwira ntchito zofunika pa moyo, monga a zaumoyo, madzi ndi magetsi, saloledwa kunyanyala konse. Anamwino amene ananyanyala chakumapeto kwa 2013 anachotsedwa ntchito ambirimbiri. Wantchito amene wangotaya zida m'mawa chifukwa malipiro achedwa alibe chitetezo cha lamulo, ngakhale dandaulo lake lili loona. Malire amenewa ngothina kwambiri, ndipo kuwamasula ndi ntchito yeniyeni ya bungwe lalikulu ngati ZCTU, chifukwa nthambi ya ku Petauke singasinthe lamulo la Nyumba ya Malamulo.

Chofooka chachikulu, chimene chimatipweteka mtima, n'chakuti kamangidwe ka ZCTU kanapangidwira mgodi ndi ofesi ya boma, kumene munthu ali ndi nambala ya ntchito ndi pesilipu ya mwezi ndi mwezi. Chigawo chathu si chotero. Imani pa geti la fakitale ya thonje nyengo yogula ikayamba, cha m'ma Juni: amuna ndi akazi ali pamzere m'mawa kukuzizira, NRC m'manja, kapitawo akuwerenga mayina papepala, otsala akubwerera kunyumba kuti adzayesenso mawa. Olowawo adzagwira miyezi ingapo m'fumbi la thonje, ena opanda zotchinga pamphuno, nyengo ikatha n'kubalalika. Kufodya n'chimodzimodzi. Munthu wotere sangadulidwe ndalama ya yuniyoni chaka chonse, ndipo yuniyoni imene imakhalira ndalama zodulidwa ilibe chokokera kuti imutsatire. Onjezani a njinga zonyamula anthu, onyamula katundu pa boda ya Mwami, ogulitsa pa Saturday Market ndi pa Kapata, alonda, atsikana a m'nyumba. Amenewa ndiwo antchito ochuluka a ku Chipata. ZCTU imalankhula za iwo m'zikalata zake ndipo yayesa kugwirizana ndi mabungwe a ochita malonda ang'onoang'ono, koma pansi pano zipatso zake n'zochepa. Ukonde wake unalukidwa ndi maso aakulu, ndipo matemba amangodutsa.

Komabe lamulo limawateteza ngakhale awa, ndipo pali zinthu zitatu zimene wa nyengo angathe kudzifufuzira yekha. Penshoni ya NAPSA ndi 5 peresenti ya wantchito ndi 5 peresenti ya bwana. Pitani ku ofesi ya NAPSA ndi NRC mukapemphe sitetimenti, chifukwa pali mabwana amene amadula koma osapereka, ndipo zimaululika mochedwa, monga anaonera ambiri mu 2023 pamene boma linalola kutapako 20 peresenti ya ndalama zimene munthu wasonkha kwa amene asonkha miyezi 60 kapena akwanitsa zaka 45. NHIMA ndi 1 peresenti mbali iliyonse. Ya Workers' Compensation, yolipira wovulala pantchito, amasonkha ndi bwana yekha, ndipo akakudulani imeneyo akuberani. Ngozi ikachitika, onetsetsani kuti yalembedwa tsiku lomwelo ndipo kalata ya kuchipatala isungidwe.

Pa ndale sitichulukitsa mawu. Kuyambira nthawi ya Chiluba, atsogoleri a mabungwe a antchito akhala akulowa m'boma, ena mpaka kukhala nduna za zantchito, monga Fackson Shamenda amene anali pulezidenti wa ZCTU ndi Joyce Nonde-Simukoko wa FFTUZ. Ena amati zimenezi zimafikitsa mawu a antchito m'kabineti. Ife tikuona kuti zimachititsanso membala kukayika ngati mtsogoleri akulankhulira iye kapena akudzikonzera mpando. Mankhwala ake ali m'manja mwa mamembala: atsogoleri a ZCTU amasankhidwa pa msonkhano waukulu wa zaka zinayi zilizonse ndi nthumwi zochokera ku mayuniyoni, ndipo nthumwizo zimayambira pa chisankho cha nthambi chimene ambiri sapitako.

Ndiye ndani apindule? Wa m'boma, wa kukhonsolo, wa kubanki, wa shopu yaikulu kapena famu yokhala ndi antchito okhazikika alowe yuniyoni ndipo asatulukemo. Posankha pakati pa mayuniyoni opikisana, funsani zinthu zogwirika: kodi ali ndi woimira m'boma lanu lino, kodi anasaina pangano lovomerezedwa ndi bwana wanu, kodi angakuonetseni kope la pangano la malipiro limene likugwira ntchito pano, kodi lipoti la ndalama limawerengedwa kwa mamembala, ndipo mlandu ukafika kukhoti loya amalipira ndani. Yuniyoni imene ikuzengereza kuyankha funso lomalizali muisiye. Wa shopu yaing'ono ya antchito asanu, wa m'nyumba ndi wa ganyu, pakali pano thandizo lake lapafupi ndi ofesi ya leba, kumene kudandaula n'kwaulere. Apite ndi NRC, kontirakiti ngati ilipo, ndi kabuku kolembamo tsiku limene anayamba ntchito, maola a tsiku lililonse ndi ndalama iliyonse imene analandira. Ngati malipiro amabwera pa foni kudzera ku Airtel Money kapena MTN, mauthengawo asafufutidwe, chifukwa bwana akakana kuti munthuyo sanali wantchito wake, umboni woyamba umene ofesala wa leba adzafunse ndi umenewo.